Agalu m'masitolo: kuwathamangitsa kokha sikucotsa ciwewe

Kacholola ndi amodzi mwa malo amene magalimoto oyenda pa mseu waukulu wa Great East amapumirapo akatha kukwera mapiri ocokera ku mlatho wa Luangwa, asanafike pa boma la Nyimba. Masitolo andanda m'mbali mwa mseu, amayi amayala nthoci, nshawa ndi vitumbuwa, anyamata amaocha nyama, ndipo apaulendo amatsika kuti aongole miyendo ndi kugula kamba wa panjira.

Pakati pa anthu onsewa sipasowa galu. Wina amagona pakhonde la sitolo, wina amadikira mafupa pansi pa thebulo la oocha nyama, winanso wabwera motsata ngolo ya mbuye wake kucokera kumudzi. Tinazolowera kuwaona moti sitiwawerengeranso, mpaka tsiku limene mmodzi wa iwo waluma mwana wotumidwa kukagula mcere.

Zikatero, kaya ndi pa Kacholola, pa msika wa Nyimba kapena ku Petauke, mkangano umakhala umodzimodzi. Ena amati agalu aletsedwe kufika pa masitolo. Ena amati onse oyendayenda aphedwe. Eni ake amati galu wao ndi wofatsa, wolumidwayo ndiye anamuputa. Pakapita masabata awiri nkhani imazirala, agalu aja n'kubwerera pakhonde pomwe paja.

Ife tikuti galu alibe malo m'sitolo kapena pamsika nthawi ya malonda. Koma tikutinso lamulo lotere palokha silingapulumutse ana athu, pakuti galu wothamangitsidwa pakhomo la sitolo amakaluma panjira ya kumjigo. Coopsa ceniceni pa kulumidwa ndi galu ndi matenda a ciwewe, ndipo ciwewe cimagonja ndi katemera.

Eni agalu ali ndi mfundo

Tisanaweruze, tiyeni timve mbali ya eni agalu, cifukwa galu wamkota sakandira pacabe. Mwini golosale wa pamseu sangakwanitse kulipira kampani ya alonda monga amacitira eni masitolo aakulu a ku Lusaka. Katundu wake yense, suga, sopo, mafuta ophikira ndi malata, amagona kuseri kwa citseko cimodzi ndi loko mmodzi. Galu akauwa usiku, mwini amadzuka, wakuba n'kuthawa. Mlonda wotere safuna malipiro a pamwezi, amakhuta nsima yotsala.

Mlimi nayenso samanga galu wake pobwera kudzagula katundu. Galu yemweyo ndiye amapirikitsa anyani ndi nguluwe m'munda wa cimanga, ndipo ng'ombe zikakoka ngolo kupita ku sitolo iye amatsata pambuyo monga anazolowera. Kuuza mlimi wotere kuti galu ndi mdani n'kutaya nthawi, sangakumvereni.

Conco nkhani pano si yothetsa agalu. Nkhani ndi yakuti galu akhale kuti, nthawi yanji, ndipo akalakwa ayankhe ndani.

Sitolo ndi ya aliyense

Pakhomo pa munthu, mlendo amaodira ali patali, mwini nyumba n'kugwira galu wake. Pa sitolo palibe kuodira. Citseko cikatsegulidwa m'mawa, ndiye kuti mwini waitana aliyense: gogo woyendera ndodo, mayi wobereka mwana, mwana wa sukulu, ngakhale woledzera amene angaponde mcira wa galu osaona. Woitana anthu ali ndi udindo woonetsetsa kuti abwerera kwao opanda bala.

Galu saluma cifukwa ca nkhanza zokha. Amaluma akadzidzimutsidwa ali m'tulo, akapondedwa, akamadya, akamalimbirana wamkazi, ndipo koposa zonse akakhala ndi tiana. Galu wamkazi woswera pansi pa khonde la sitolo, ngakhale anali wofatsa zaka zonse, amasanduka cilombo kwa masabata angapo. Khomo la sitolo, pamene anthu amapanikizana polowa ndi potuluka, ndi malo amene zonsezi zimacitikira pamodzi.

Palinso nkhani ya ukhondo. M'masitolo ndi m'misika yathu zakudya zambiri zimakhala pansi kapena pafupi ndi pansi: matumba a ufa, kapenta, nsomba zouma, nyemba, tomato woyala pa saka. Galu amanunkhiza, amanyambita, amakodzera. Tubvi ta galu timakhala ndi mazira a njoka za m'mimba zimene zina zimalowa mwa anthu, makamaka ana oseweretsa dothi. Palibe mayi angagule kapenta ataona galu akucotsamo mphuno, koma kangati timagula osadziwa kuti anadutsapo kale?

M'maiko ena masitolo oletsa agalu amalola galu wophunzitsidwa kutsogolera munthu wosaona. Kwathu kuno agalu otere ndi osowa, koma lamulo lililonse limene khonsolo ingakonze liyenera kuwasiyira mpata.

Cimene timaopa kwenikweni

Bala la galu limapola. Ciwewe sicipola. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, pafupifupi aliyense amamwalira, ngakhale apite ku cipatala cacikulu cotani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ciwewe cimapha anthu pafupifupi 59,000 caka ciliconse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia. Pa anthu 100 odwala matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 pa 100 alionse ndi ana osakwana zaka 15.

N'cifukwa ciani ana? Ndi aafupi, conco galu amawaluma kumaso, pakhosi ndi m'manja, ndipo bala likakhala pafupi ndi mutu kacilombo kamafika msanga ku bongo. Amakonda kusewera ndi tiagalu. Ambiri amabisa bala poopa kukwapulidwa. Ndiponso ndi iwo amene timawatuma ku sitolo katatu pa tsiku.

Kacilombo ka ciwewe kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku bongo. Nthawi zambiri pamapita miyezi iwiri kapena itatu munthu asanadwale, koma zingatenge sabata imodzi yokha kapena caka cathunthu. Pofika nthawiyo bala linapola kalekale ndipo banja linaiwala za galu uja. Wodwala amatentha thupi, amasokonezeka mutu, amaopa madzi ngakhale ali ndi ludzu. Pamenepo ena amathamangira kwa ng'anga, ena amaloza nkhalamba ya m'mudzi kuti ndi mfiti. Ngakhale madotolo amatha kusokonezeka. Kafukufuku wa pa cipatala ca Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre ku Malawi, amene anafalitsidwa mu 2007, anapeza kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a m'bongo anali atafa ndi ciwewe. Izi zikutiuza kuti maliro ena a ciwewe timawalira ndi dzina la matenda ena.

Tisanamizidwenso kuti galu waciwewe ndi wolusa yekha, woluma mitengo ndi miyala. Pali ciwewe cina cozizira. Galu amangokhala phee, cibwano cili lende, dovu likutuluka, ngati wakodwa ndi fupa pakhosi. Mwini wacifundo amalowetsa dzanja m'kamwa kuti acotse fupalo, ndiye kuti wadzitengera matenda. Galu wotere akhoza kugona pakhonde la sitolo tsiku lonse anthu akumudutsa.

Boma la Nyimba lili ndi vuto lina lapadera. Mbali yaikulu ndi chire, ndipo dera losungirako nyama la West Petauke lili komweko. Agalu olondera minda ndi opita kosaka amakumana ndi nkhandwe, zimene nazonso zimadwala ndi kufalitsa ciwewe. Matendawa amabwereranso kuchire: galu wa kumudzi angapatsire mimbulu ya m'cigwa ca Luangwa, nyama imene yatsala yocepa mu Africa. Ng'ombe ndi mbuzi nazo zimafa zikalumidwa. Komabe nkhokwe yaikulu ya ciwewe ndi agalu athu omwewa a pakhomo.

Vuto la pamseu

Galu akaluma munthu, a cipatala ndi a vetenale amafunsa mafunso awiri: galuyo ndi wa ndani, ndipo anabayidwa liti katemera? Amafunsa cifukwa galu amene anali ndi kacilombo m'malovu pa tsiku loluma amadwala kapena kufa pasanathe masiku 10. Akamangidwa ndi kuyang'aniridwa masiku amenewa n'kukhalabe wathanzi, wolumidwa uja mtima umakhala pansi.

Tsono taganizirani za malo ngati Kacholola. Wapaulendo watsika basi kwa mphindi zocepa, galu wamukadzula pa mwendo, dalaivala akuliza hutala. Munthu uja amamanga kansalu pabala n'kukwera. Akafika ku Chipata kapena ku Lusaka, nesi akamufunsa za galuyo, alibe yankho. Ngakhale wokhala pomwepo amavutika cimodzimodzi, pakuti galu akangoluma, aliyense amamukana. Amene dzulo ankamupatsa mafupa lero akuti sakumudziwa.

Galu akasowa mwini, wolumidwa ayenera kulandira jekeseni zonse za katemera wa anthu. Katemerayu amasungidwa mozizira ndipo kawirikawiri amapezeka pa zipatala za pa boma, osati pa kiliniki iliyonse ya kumudzi. Sabayidwanso kamodzi: pali ya tsiku loyamba, ina patapita masiku 3, ina patapita masiku 7, ndipo nthawi zina inanso pambuyo pake. Kwa mlimi wa kutali ndi mseu, amenewa ndi maulendo atatu kapena anai opita ku Nyimba kapena ku Petauke, aliwonse ndi ndalama ya galimoto, mwina m'nyengo ya dzinja pamene nchito ya kumunda yacuruka ndi ndalama yasowa. Ambiri amabayitsa imodzi n'kuleka bala likauma. Katemera wa galu ndi wochipa kwambiri poyerekeza ndi zonsezi.

Apa ndi pamene nkhani ya galu wa pa sitolo imasiyana ndi ya galu wa pakhomo. Wa pakhomo amadziwika mwini wake. Wa pamsika ndi wa aliyense pakudya, koma pa mlandu ndi wopanda mwini.

Lamulo lilipo kale

Sitikusowa malamulo. Lamulo la Control of Dogs Act, Cap 247, lakhalapo kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo pansi pake galu ayenera kulembetsedwa ndi kubayidwa katemera wa ciwewe. Lamulo la Animal Health Act la 2010 limapatsa a vetenale mphamvu zolimbana ndi matenda a ziweto. Malamulo a Public Health Act, Cap 295, ndi Food Safety Act la 2019 amalola oyendera za ukhondo kulowa pamalo alionse ogulitsira zakudya. Lamulo la Markets and Bus Stations Act la 2007 limapatsa makhonsolo udindo pa misika ndi malo okwerera basi.

Cosowa ndi kutsata. Ndi angati mwa ife amene anaonapo cikalata ca katemera wa galu wa pa sitolo imene timagulako tsiku ndi tsiku? Ndi angati tinafunsapo? Mwini sitolo amapacika laisensi ya malonda pakhoma kuti aliyense aione, koma za galu amene wagona pansi pa laisensiyo palibe colembedwa.

M'matauni mwabwera nkhani ina, ya mitundu ya agalu olusa ocokera kunja. Ku South Africa mu 2022 anthu masauzande ambiri anasaina kalata yopempha boma kuti liletse kuweta agalu a mtundu wa pit bull, ana atafa polumidwa. Ku England ndi Wales, kuyambira mu February 2024 ndi mlandu kusunga galu wa mtundu wa XL Bully popanda cilolezo capadera. Nkhani imeneyi ndi yofunika kwa a ku Lusaka, koma isatisoceretse ife a kumidzi. Galu wa pa Kacholola ndi wathu wamba, woonda, wa makutu osongoka, ndipo ciwewe sicisankha mtundu.

Mfuti kapena jekeseni?

Anthu akadandaula kwambiri, makhonsolo ambiri m'dziko muno amatulutsa cenjezo kenaka n'kuyamba kuombera agalu oyendayenda. Anthu amaona ngati boma lagwira nchito. Koma akatswiri a WHO akhala akunena kuti kupha agalu mwacisawawa sikuthetsa ciwewe. Agalu amaswana msanga, moti pakapita miyezi yocepa malo a ophedwa aja amadzaza ndi tiana tosabayidwa. Mfuti siidziwa galu wobayidwa, conco amene anali ngati mpanda wochinga matenda amafera limodzi. Eni ena akamva kuti a khonsolo akubwera amathawitsira agalu ku midzi ina, ndipo ngati mmodzi anali ndi kacilombo, matenda afika kumene kunalibe.

Njira imene yaoneka kuti imagwira nchito ndi kubaya agalu osacepera 70 pa 100 alionse m'dera, caka ndi caka. Pamenepo galu wodwala akaluma anzake, ambiri amakhala otetezedwa ndipo matenda amafera panjira. Anzathu a ku Malawi anaonetsa kuti n'zotheka. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma la dzikolo, linabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20 a nchito. Anaika malo obayira m'masukulu ndi malo ena odziwika, kenaka n'kuyenda khomo ndi khomo kufuna otsala. Zaka zotsatira, ciwerengero ca ana ofika pa cipatala ca Queen Elizabeth ndi ciwewe cinatsika kwambiri. Nchitoyi imabwerezedwa cifukwa agalu athu sakhala zaka zambiri ndipo caka ciliconse kumabadwa atsopano.

Katemerayu si wacilendo. Mu 1885 Louis Pasteur wa ku France anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu waciwewe. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 September, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe, ndipo mabungwe a umoyo wa anthu ndi wa ziweto anagwirizana colinga cakuti pofika 2030 pasapezeke munthu wofa ndi ciwewe cocokera kwa galu. Patha zaka zoposa 140 cipezekere mankhwala. N'zomvetsa cisoni kuti mwana wa ku Nyimba angafe lero ndi matenda amene anagonjetsedwa agogo a agogo athu asanabadwe.

Zimene tikupempha

Kwa eni masitolo, magolosale, mabala ndi mabuchala: galu wanu ndi mlonda wa usiku. Kukaca mmangeni kuseri, pamthunzi, ndi madzi akumwa, ndipo mummasule mukatseka. Cikalata cake ca katemera cipacikidwe pambali pa laisensi. Wamkazi akaswa, musamutseni kutali ndi khomo la makasitomala.

Kwa oocha nyama ndi ogulitsa zakudya: agalu amabwera cifukwa timawaitana ndi mafupa ndi zotsala. Kumbani dzenje la zinyalala lovundikira. Msika wopanda zakudya zotayidwa pansi agalu amauthawa okha popanda kugenda mwala.

Kwa alimi obwera ndi ngolo: tengani cingwe. Mukafika, mangirirani galu ku ngolo, kutali ndi khomo la sitolo.

Kwa khonsolo ya Nyimba ndi ya Petauke: pamene mwini malo ogulitsira zakudya abwera kudzakonzanso cilolezo cake, afunsidwe ngati amasunga galu, ndipo ngati amatero aonetse cikalata ca katemera. Ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, zamanga makalasi ndi zipatala zazing'ono. Makomiti a citukuko a m'mawadi angapemphenso mpanda wa msika ndi malo otayako zinyalala.

Kwa a vetenale ndi a zaumoyo: malo a malonda a m'mbali mwa mseu akhale oyamba pa ndandanda ya katemera wa caka ndi caka, ndipo tsiku lilengezedwe m'machalichi, m'masukulu ndi pa wailesi nthawi ikalipo. Anthu auzidwenso poyera kuti katemera wa anthu akupezeka pa cipatala citi, kuti wolumidwa asataye ndalama ya ulendo kupita kumene kulibe.

Kwa mafumu athu, a Nyalugwe, a Ndake, a Luembe ndi a Mwape m'boma la Nyimba, ndi a Kalindawalo ku Petauke, pamodzi ndi anyakwawa ao: mau anu amafika kumene galimoto ya boma siifika. Nyakwawa amadziwa khomo lililonse ndi galu wake. Atalamula kuti pa tsiku la katemera galu aliyense abwere pa cingwe, ciwerengero ca 70 cija cingakwane mosavuta. Pabwalo la milandu pakhalenso cizolowezi cakuti mwini galu woluma alipire ulendo wa ku cipatala tsiku lomwelo, zokambirana zina zibwere pambuyo. Mutu umodzi susenza denga.

Galu akakulumani

Tsoka silinunkha, conco sungani izi pamtima ndipo muuzeko ana anu. Tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ngakhale litakhala kokanda cabe. Kutsuka kumeneku kumacotsa tizilombo tambiri. Musapakepo dothi, tsabola, mankhwala azitsamba kapena ubweya wa galu woocha. Pitani ku cipatala tsiku lomwelo, musadikire kuti masiku 10 athe, ndipo mukayamba jekeseni musaleke mpaka a cipatala atakuuzani. Kumeneko adzaonanso za kafumbata ndi mankhwala oteteza bala kuti lisaole.

Funsani dzina la mwini galu musanacoke pamalopo, ndipo ngati muli paulendo tengani nambala ya foni ya mwini sitolo. Galuyo amangidwe ndipo a vetenale adziwitsidwe. Ngati waphedwa cifukwa anali woopsa, musamuphwanye mutu, musamugwire ndi manja ndipo musamutaye kuchire, pakuti bongo wake ndi umene amaupima, monga amacitira ku Central Veterinary Research Institute ku Balmoral pafupi ndi Lusaka. Mwana akabwera ndi bala, musayambe ndi mkwapulo. Mwana wokwapulidwa lero adzabisa bala la mawa.

Ndipo inu ogula, muli ndi mphamvu kuposa mmene muganizira. Mukapeza galu wagona pakhomo la sitolo, funsani mwaulemu kuti ndi wa ndani ndipo anabayidwa liti. Mwini sitolo akafunsidwa funso limeneli ndi makasitomala asanu pa tsiku limodzi, cingwe adzacipeza, ndipo njira ya kwa a vetenale adzaidziwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene adzatumidwa pa sitolo imeneyo madzulo ano angakhale wanu.